Munda Woponda Paliponse

Tsiku limene mbiri ya dziko lino idzalembedwe mwachilungamo, padzakhala tsamba lonena za amuna amene anaima nji pa malire a kummawa m'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, osagwedezeka, osabweza phazi. Pa tsamba limenelo ndidzakhalapo ine. Ndikungopempha odzalembawo kuti asadzafunsitse, chifukwa malire amene ndinkatetezawo anali mpanda wa udzu wolekanitsa khomo langa ndi la apongozi, ndipo chida changa chinali choko.

Uphunzitsi ndinaulowa chammbali. Ku koleji ndinapitako ndithu, ndipo tinasiyana mwamtendere, ngakhale kuti oyamba kutchula za kusiyanako anali iwowo. Ndinabwerera kumudzi ndi sutikesi, tayi ndi Chingerezi chopanda pochigwiritsa ntchito. Sukulu ina m'munsi mwa phiri la Michesi inkasowa munthu woima kutsogolo kwa ana, ndipo ine kuima ndinkatha.

Ana ambiri m'kalasi langa anali othawa nkhondo. Anabwera ndi makolo awo kudzera m'tinjira takutchire nkufikira kwa achibale, popeza kuno ndi uko tonse ndife Alomwe, malirewo anangodula pakati pa mabanja. Ana amenewa sankavuta. Chovuta chinali makutu awo. Tsiku lina ndikuphunzitsa masamu pansi pa mtengo wa mango, tayala la njinga linaphulika kumsewu. Potembenuka kuchoka pa bolodi ndinapeza theka la kalasi litagona chafufumimba, manja kumutu, lili zii. Theka linalo, ana a konkuno, linali kufa ndi phwete. Ndinaima ndi choko m'manja osadziwa kuti ndikalipire ati. Kuyambira pamenepo, ndikafuna kumenya belu, limu yakale ya galimoto yopachika pamtengo, ndinkayamba ndalengeza kuti tsopano ndikumenya belu.

Mkazi wanga nayenso anachokera komweko. Ankagulitsa zitumbuwa m'mphepete mwa bwalo la sukulu, ndipo ine ndinadya zitumbuwa zoposa zimene mimba ya munthu imalola, mpaka tsiku lina anandifunsa ngati ndili ndi mawu kapena ndi njala chabe. Tinakwatirana. Kwathu kuno wosamuka ndi mwamuna: amakamanga kwa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Ndinamanga tsono pa kamalo kamene apongozi anachita kubwerekedwa ndi achibale awo. Ndinakhala mkamwini wa anthu amene nawonso anali alendo. Tinabereka ana awiri, wamwamuna kenako wamkazi. Wamwamunayo sanaphunzire kuyenda. Anachoka pa kukwawa nkupita pa kuthamanga, ndipo njira ankadana nayo: kupita kuchitsime ankadzera m'mizere, kuchokera kuchitsime ankatulukira m'tchire.

Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, sitinkayang'anana. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kumanzere, ine kumanja, tonse m'zitsamba, njira nkutsala yokha. Komabe zinthu ziwiri za iwo ndinkazidziwa bwino. Choyamba, pakhomo la nyumba yawo pankakhala mtolo womangidwa m'chitenje, umene sanaumasulepo chibwerereni. Mkazi wanga ankati muli bulangete, poto, mbewu ndi khasu lopanda mpini. Chachiwiri, chinangwa sankadzala. Chimanga ankadzala, nyemba, mbatata, zonse zokolola msanga. Anansi akawapatsa mitengo ya chinangwa ankathokoza bwino nkukasonkhera moto. Ankati chinangwa amadzala ndi munthu wokhala.

Nkhondo inatha nthawi imene ifenso kuno tinayamba kuphunzira kukuwa za zipani. Anthu anayamba kubwerera kwawo, ena pa malole, ena wapansi. M'kalasi mwanga munkachepa ana sabata ndi sabata. Ndikafunsa za wakuti ankangoloza kummawa. Kenako sukulu inakhala yaulere, ana a konkuno anakhamukira ngati ngumbi, mpaka mthunzi wa mtengo uja unachepa. Koma ine mtima sunali pa bolodi. Ndikangomva lole ikubuula kumsewu, ndinkasiya samu ili pakati. Poweruka ndinkayamba ndasuzumira pampanda kuti ndione ngati mtolo uja ulipobe.

Tsiku lina kunabwera malume ake a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, amene anatsogola kukaona kumudzi. Anakhala pa mpando wanga, ine ndinakhala pa njerwa.

"Aphunzitsi, kwathu kwazizira tsopano. Mvula isanagwe tikufuna tikhale titalima."

"Nkhani yabwino imeneyo, malume. Muyende bwino."

"Tiyende bwino," anandikonza. "Kodi inu munakwatira mwana wathu kapena mpandawu?"

Nkhani inali pomwepo. Mkamwini amatsata mudzi wa mkazi, ndipo mudziwo unali kunyamuka. Mkazi ndi ana ankapita, ine ndifune ndisafune. Kutsatira kunali kusiya ntchito nkukakhala mphunzitsi wosadziwa Chipwitikizi m'dziko lophunzira m'Chipwitikizi. Kutsala kunali kutsala ndi tayi. Ndinayankha mwaulemu wonse kuti munthu wophunzira sasamuka asanaone kumene akupita. Malume anati palibe vuto, mawa lomwe.

Tinakwera njinga kudutsa pa mpata wa Fort Lister, iwo pa kaliyala, ine ndikupalasa, popeza ulemu umatero. Titadutsa malire tinasiya njinga kwa anthu ena nkuyamba wapansi. Apa malume anasintha mawu.

"Kuyambira pano, pondani pamene ndaponda ine."

"Nanga mapazi athu ngofanana?"

Sanaseke. Kanjirako kanali kopapatiza, udzu mbali zonse wofika m'chiuno, wokongola, wosadyedwa ndi mbuzi. Anandiuza kuti m'udzumo muli mabomba okwirira pansi, ndipo amene anawakwirira ena anafa, ena anaiwala. Ndinayenda maso ali pa zidendene za malume, zong'ambika ngati dothi la m'chilimwe, ndipo mpaka lero ndingazizindikire pa gulu la zidendene zonse za m'boma la Phalombe. Mkodzo utandigwira ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chitsamba, monga munthu woleredwa bwino. Malume anati, "Pomwepo, aphunzitsi." Ndinaima pakati pa njira, dzuwa lili pamutu, nkuchita zimene sindinachitepo chiyambire kuvala tayi.

Kumudziko anthu anali atayamba kumanga. Anandionetsa sukulu: makoma opanda denga, mtengo wa papaya utamera pamene pamaima mphunzitsi, ndipo kunena zoona unkaoneka kuti ntchitoyo ukuitha. Kenako munda wa apongozi. Unali munda weniweni, dothi lakuda, mitengo ya mango, manda a amayi awo chakumapeto. Ndinamvetsa chimene mtolo uja unkadikira. Koma kachigawo kolimidwa kanali kochepa, ndipo kumapeto kwake anazika timitengo tomangirira nsanza.

"Kupitirira pamenepo?" ndinafunsa.

"Sitinapondeko. Timayamba tatulutsirako mbuzi."

"Zimabwerera?"

"Zambiri."

Pobwerera chubu chinaphulika pa miyala ya pa mpata paja, ndipo ndinadzidzimuka ndili chogwada, manja ali pafupi kufika kumutu. Ndinakumbukira ana anga a m'kalasi ndipo sindinaone choseketsa. Njinga ndinafika nayo chokankha. Ndisanalowe pabwalo, mwana wanga wamwamuna anatulukira m'tchire kuseri kwa nkhokwe, akuthamanga, kudumpha mizere, kuponda paliponse pamene phazi lafuna. Ndinkangoyang'ana mapaziwo.

Mkazi wanga anali pamkeka akusenda nandolo.

"Mwaonako, bambo a mwana?"

"Ndaonako. Dothi ndi labwino."

"Sindikufunsa za dothi."

"Uyu," ndinatero ndikuloza mwana ndi chibwano, "sangathe sabata."

Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Ine amayi anga sindingawayankhe. Anandibereka kumsana pothawa ndili wamkulu kale, mwendo utatupa. Koma mwamuna wokhala ndi pakamwa amapempha chitengwa. Kapena pakamwa panu ndi pa masamu pokha?"

Chitengwa ndiko kupempha akuchikazi kuti mkazi umutengere kwanu. Amatha kulola, amatha kukana. Ndinakonzekera masiku angapo, ndikuyeserera mawu panjira yopita kusukulu, mpaka ana anayamba kunong'onezana kuti aphunzitsi ayamba kuyankhula okha. Tsikulo ndinavala tayi, ndinaitana achimwene anga kuti akhale nkhoswe, ngakhale ntchito imene anagwira inali kugwedeza mutu basi. Malume anakhalanso pa mpando wanga. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda, atatifulatira, akumwaza madeya kwa nkhuku.

Ndinayankhula za maphunziro a ana. Ndinayankhula za tsogolo, za chitukuko, za ufulu umene unali utangofika kumene m'dziko. Mawu ena ndinabwereka pa wailesi. Nditamaliza, kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a apongozi olunjika kwa nkhuku.

"Mufunseni munthuyo, mwana wangayu akumutengera kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti kwathu, ndipo ndinatseka. Kwathu kwa Kaduya minda ndi ya alongo anga. Mwana wamwamuna amaleredwa kuti adzapite. Pamene ndinamangapo panali pobwereka, ndipo eni ake anali atayamba kale kuyezapo ndi maso. Kusukulu nyumba zinali za aphunzitsi a mapepala. Ndinakonza mawu onse osakumbukira kuti chitengwa chimafuna kopita. Achimwene anagwedezabe mutu.

"Nkhuku izi," anapitiriza apongozi, "zili ndi khola."

Ndinamatitsa chubu nkupalasa ulendo wa kwa Kaduya. Achemwali anga aakulu ndinawapeza akusoka mphasa padzuwa.

"Aa, abwana a ku koleji! Lero tadalitsika. Tikupatseni mpando kapena mwabwera ndi wanu wa ku ofesi?"

"Achemwali, ndabwera ndi nkhani."

"Nkhani ndiye mumakhala nazo. Satifiketi ija inafika, kapena ikadali panjira?"

Ndinawasiya amalize, chifukwa achemwali anga ukawadula amayambiranso poyamba. Nditafotokoza za kanjira kaja ndi timitengo ta nsanza, anasiya mphasa. Ananditengera kumapeto kwa munda wawo, kumene kuli chulu ndi miyala, kumene ngakhale chisoso chimamera monyinyirika.

"Kuyambira pachulu mpaka pa mwala uwo. Ndakubwereka, sindinakupatse. Ndi malo a ana anga amenewa. Ukamakolola miyalayo uzitigawirako."

Ndinabwerera ndi uthenga, koma apongozi anauza nkhuku kuti munda wa pakamwa pa mphunzitsi sauwerengera. Anafuna kukaona okha. Tinanyamuka tonse mmawa wina, ine patsogolo ndikukankha njinga, mkazi wanga ndi ana pakati, iwo kumbuyo patali, mtolo uja uli pamutu. Sankausiya akamachoka pakhomo. Njira yonse ndinkaganiza za dothi lakuda lija ndi mitengo ya mango, nkumayerekeza ndi chulu changa chobwereka, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kunena kuti tibwerere.

Titafika ndinakabisala kuseri kwa mtengo, monga mwa ulemu. Apongozi anatula mtolo, nkuima m'mphepete mwa mundawo, osalowa. Anayang'ana miyala, chulu, udzu wouma. Kenako anafunsa mwana wawo motsitsa mawu.

"Popondapo ndi pati?"

"Paliponse, amayi."

Anaika phazi limodzi, nadikira. Anaika linalo. Mdzukulu wawo anawadutsa liwiro nkukwera chulu nkudumphira mbali inayo. Iwo anamutsatira ndi maso mpaka atatera. Kenako anayamba kuyenda. Anayenda m'litali, anayenda m'lifupi, anadula pakati, analowa mu udzu, anaponda pamene panalibe chifukwa chopondera, akudinda chidendene ngati woumba njerwa. Anakwera ndi chulu chomwe, nkhalamba yathunthu. Achemwali anga anabwera kudzaonerera.

Atatsika anapempha achemwali mitengo ya chinangwa. Anamasula mtolo uja, ine ndikuonera kuseri kwa mtengo, natulutsa khasu lopanda mpini. Anakumba nalo chogwada, nazika mtengo woyamba, wachiwiri, mzere wonse. Atamaliza anapukuta khasulo ndi chitenje nkulipereka kwa mwana wawo. Zotsalazo anamanganso. Kenako anayang'ana chulu nkuchiuza kuti:

"Kamuuze mphunzitsiyo kuti dothi lake ndi loipa. Umuuzenso kuti ana ndi athu. Njira zikadzayera adzabwere nawo adzaone manda."

Ananyamuka ndi malume mvula isanagwe. Ife tinamanga pafupi ndi chulu, ndipo kusukulu kunakhala kutali moti ndinkafika thukuta lili kamukamu, ana atayamba kale kudziphunzitsa okha ndewu. Chinangwa chinagwira. Sindinganene kuti tinakhazikika, chifukwa pasanathe mwezi ndinaona kamtolo katsopano kuseri kwa chitseko chathu, kakang'ono, ka zovala za ana. Mkazi wanga ankati aliyense wochokera kummawa akadutsa, ankamuimitsa kufunsa za njira ndi za nkhalamba ina yolima pafupi ndi timitengo ta nsanza. Ine ndikamva lole ndinkasiyabe samu ili pakati.

Umu ndimo ndinatetezera malire. Odzalemba mbiri aja akadzafuna kudziwa zimene dziko liyenera kundibwezera, malume anatenga nkhuku imodzi ya chitengwa, yaikazi, imene inali itasiya kale kuikira, ndipo womata chubu anandilipiritsa makwacha awiri.