Tsiku Limene Atate Anavala Yunifolomu ya Azakhali

Chinali chaka cha 1993, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mbewe, ndimamva fungo la makala a m'simbi ndi la nsalu ya khaki yonyowa ikamatentha pakhonde pathu ku Madzimoyo. Anamenya nawo nkhondo ya azungu ali mnyamata, nabwerako opanda mzere ngakhale umodzi pamkono, koma jekete lawo lakale ankalisita Loweruka lililonse.

Mwana wawo wamkazi, azakhali Rozina, analowa usilikali iwo asakufuna. Atate anga anayesako kawiri, koma anabwezedwa chifukwa cha chifuwa.

Pobwera kutchuthi, azakhali anatsika minibasi atavala buluku, jombo ndi chipewa, pamkono pali mizere itatu. Azimayi amene anali kuchigayo anasiya matumba awo n'kumawatsatira. Agogo atawaona anadzuka, nawongola msana umene ine ndinali ndisanauonepo wowongoka, nachita sawatcha.

"Sajeni!" anatero.

Kenaka anakhala pansi. "Sawatchayo ndachitira mizereyo. Iwe Rozina, kavale chitenje udzandipatse moni ngati mwana wa munthu."

Azakhali anakavala chitenje, nabwera n'kugwada. Ine mutu unandizungulira. Munthu yemwe uja amuimirira, tsopano akuyenda ndi maondo kuwapatsa madzi osamba m'manja.

Lamlungu m'mawa azakhali anapita kuchitsime. Agogo anatsitsa yunifolomu pamsomali nayisita okha, ine ndikukupiza makala. Atatha anaitana atate.

"Vala. Lero tilowe m'tchalitchi, anthu aone kuti m'nyumba ya Mbewe muli sajeni."

"Atate, si ya Rozina iyi?"

"Rozina wangotibweretsera. Nsalu iyi ndi ya mwamuna."

Atate anavala. Buluku linalekezera pamwamba pa akakolo. Malaya anakana kukumana pamimba, mabatani awiri anathothoka n'kugwera m'mchenga. Agogo anati yawakhala bwino kwambiri.

Azakhali anatipeza chomwecho, ndowa ili pamutu. Sanaitule.

"Achimwene, vulani."

"Mlongo, si ine, ndi atate andiuza."

"Vulani. Apolisi akakuonani, inu kundende, ine ntchito yatha. Mizere iyo ndinakwawira m'matope. Inu munakwawira kuti?"

Agogo anamenya ndodo pansi. "Kuyambira liti mkazi avule mlongo wake pabwalo, anthu akuona? Ukamuvula, pano si kwanu."

"Atate, lamulo la nsalu iyi mumalidziwa kuposa ine. Wosalumbira saivala."

Agogo ankalidziwadi lamulolo. Anayang'ana mizere ija pamkono wa atate, nayang'ana mwana wawo wamkazi, madzi akumudonthera pachitenje. Sanabweze mawu awo, sanaletsenso. Atate anathamangira kuseri kwa nkhokwe kukavula. Kukhitchini amayi anga ankatsokomola, koma ine ndinadziwa kuti akuseka.

Azakhali anavala yunifolomu yawo, natseka pachifuwa ndi mapini awiri a amayi, nanyamula chikwama. Anaima pamaso pa agogo. Sanagwade. Agogo sanadzuke. Belu la Misa likulira, azakhali anali kumsewu kudikira minibasi yopita ku Chipata.

Chichokereni pamenepo agogo ankadzitama kwa amuna anzawo kumsika wa thonje kuti mwana wawo ndi sajeni. Wina akafunsa kuti mwana uti, iwo ankayamba nkhani ya mvula. Anamwalira osaonananso ndi azakhali.

Ine ndakula tsopano. Ana anga aakazi akavala buluku ndimakalipa, ndipo akandifunsa chifukwa chake ndimangoti ndanena. Amene analakwa tsiku lija sindimudziwa mpaka lero. Zimene zinatayika ndizo ndimazidziwa: mabatani awiri, Misa ya banja lonse, dzina la atate, poti anyamata anawatcha Sajeni mpaka kumanda, ndi mwana wamkazi mmodzi yekhayo wa a Mbewe.