Tsamba Lachinayi la Malamulo a Koleji

Ophunzira a pakoleji ankawatchula kuti Amayi Sitepula. Iwo sankalikonda dzinalo, monganso sankawakonda eni ake olitchulawo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ankagwira ntchito m'kachipinda kogundana ndi chimbudzi cha laibulale, momwe munali kompyuta imodzi, makina osindikizira otentha ngati simbi, ndi mpando wopanda chotsamira. Ankataipa, kusindikiza ndi kumanga mabuku a kafukufuku a ophunzira omaliza. Kachipindako ndi kamene kanalera ana awo atatu, bambo a anawo atasamuka pamodzi ndi wailesi osatsanzika.

Ophunzira ena ankabwera ndi ntchito yawo pa fulashi. Ena ankakopera pamanja kuchokera pafoni, poganiza kuti nzeru zikadutsa m'cholembera zimasintha mwini. Amayiwo sankawerenga kuti aphunzire, koma maso awo sankaiwala. Ndime ina yokamba za ulova wa achinyamata anakumana nayo kasanu ndi kawiri chaka chimodzi.

“Mwana iwe,” Amayi Sitepula anamufunsa mtsikana wina wa zikhadabo zazitali, “mawu awa akuti ‘dinani apa kuti muwerenge zambiri’ ndi akonso?”

“Ingosindikizani, amayi. Simunalembedwe ntchito ya uprofesa.”

Anasindikiza, mawuwo ali momwemo.

Mphunzitsi wina atapeza mabuku asanu ndi awiri akumupempha kudina papepala, nkhani inapita ku Komiti Yosungitsa Mwambo. Komitiyo inakumana kanayi: kawiri kusankha wapampando, kamodzi kudandaula za tiyi, ndipo kachinayi inatulukira kuti mabuku onsewo anali ndi zikuto zabuluu za m'kachipinda kaja. Ophunzira aja anavomerezana msanga kuti ndimeyo anawaikira ndi Amayi Sitepula. Kalata inabwera yoti akaonekere Lachinayi, ndipo akapanda kudziyeretsa, Lachisanu abweze kiyi.

Anawakhazika kumapeto kwa tebulo lalitali, kutali ndi mabisiketi. Wapampando, bambo wa magalasi olendewera pachingwe, anatsegula kabuku.

“Mayi, malinga ndi malamulo athu oletsa kuba nzeru za ena...”

“Ndimawadziwa, bwana. Ndinasindikiza ndine.”

“Simunapatsidwe mwayi wolankhula.”

“Munabwera nokha ndi fulashi, alendo oyendera koleji akufika mawa lake, thukuta lili kamukamu. Tatsegulani tsamba lachinayi, chakumunsi.”

Wapampando sanatsegule tsambalo. Anatsegula ndi mlembi, mayi amene analumphidwa kawiri pokweza maudindo, ndipo anawerenga mokweza, mosafulumira. Pamenepo panali dzina la yunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja. Pansi pake panali ndime yolangiza ophunzira zochita ngati chipale chofewa chatseka misewu pa tsiku lopereka ntchito, m'tauni momwe anthu amagona mawindo ali otsegula chaka chonse.

“Ndinakufunsani tsiku lija,” anatero Amayi Sitepula. “Munandiuza kuti sindinalembedwe ntchito ya uprofesa. Ana anuwa amayankha ngati inu nomwe.”

“Mayi inu mulibe mwambo.”

“Ulipo, bwana. Makope mazana atatu, zikuto zabuluu.”

Wina anatsokomola. Wina anapezeka ndi foni yofunika kuiyankhira panja. Mlembi analemba m'maminitsi kuti nkhaniyi ikufunika kuunikidwanso mozama, ndipo pakolejipo aliyense amadziwa kuti mawu amenewo ndi manda.

Kiyi anatsala m'chikwama chawo. Ophunzira aja anapatsidwa madigiri, ndipo podutsa pakachipindako ankatsonya. Aphunzitsi a m'komiti anasiya kuwapatsa moni, zomwe sizinasinthe zambiri.

Lolemba lotsatira mlembi anafika ndi fulashi, naiponya patebulo.

“Akuti muchotse dzina lija.”

“Dzina lokha?”

“Andiuza dzina.”

Amayi Sitepula anachotsa dzinalo, naikapo la koleji yawo, m'zilembo zakuda bii. Za chipale chofewa palibe anawatuma. Anayatsa makina, nakhala pampando wawo wopanda chotsamira, kudikira kuti atenthe.