Mayina amene ndinapereka kwa anamwino

Chifuwa chinayamba sabata ya Lachitatu la Phulusa. Chinali chouma, chongokanda pammero, ndipo ine ndinati ndi fumbi basi. Ndine telala pa Mtakataka, makina anga ali pakhonde la sitolo m'mbali mwa msewu, ndiye fumbi si lachilendo kwa ine. Ndinagula mapiritsi pa golosale, kumwa madzi otentha a mandimu, n'kumapitiriza ntchito.

Ndili ndi ntchito inanso ya mpingo. Ndine mmodzi mwa osankhidwa kupititsa Ukalistia kwa odwala amene sangathe kufika kutchalitchi. Lamulungu Misa ikatha, bambo mfumu amaika Ukalistia m'kabokosi kachitsulo, ine n'kukoloweka m'khosi, n'kukwera njinga. Nthawi imeneyo ndinali ndi odwala asanu ndi awiri m'midzi ya cha kunyanja. Ndimalowa m'chipinda, kugwada pafupi ndi mphasa, kupemphera nawo, kenako kuwaika Thupi la Ambuye palilime. Nkhope yanga ndi ya wodwala zimayandikana kwambiri.

Pofika pakati pa Lenti ndinali nditaonda. Thalauza langa la kutchalitchi ndinalibweza ndekha kawiri m'chiuno. Ndinkasala chakudya cha masana, choncho ndinati n'kusalako, ndipo ndisaname, ndinkanyadira pang'ono. Anzanga a mumphakati ankanditama kuti a Matiyasi chaka chino Lenti aigwira zolimba. M'mawa ndinkadzuka malaya ali chonyowa ndi thukuta, koma ndinati kuno kuchigwa n'kotentha kale. Mkazi wanga, mayi a Rozina, anandiuza kanayi konse kuti ndipite kuchipatala. Ine ndi mutu wanga woumawu ndinkangoti Pasaka ipite kaye, nanga odwala anga awayendera ndani.

Lachisanu Loyera, tili pa Njira ya Mtanda, ndinakhosomolera mumpango n'kuona magazi. Ndinapinda mpangowo, kuuika m'thumba, osauza munthu. Lamulungu la Pasaka ndinawayenderabe odwala onse, mmodzimmodzi, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Mayi a Rozina anaupeza mpango uja pochapa. Sanakalipe. Lachiwiri m'mawa anangonditulutsira nsapato, ndipo tinakwera minibasi ya ku Mua. Kuchokera pamsewu kukafika kuchipatala ndinapuma katatu, ine amene ndinkapalasa njinga tsiku lonse. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu, buku la kuchipatala lili m'manja. Anandikweza pasikelo, kundiyeza magazi, kenako anandipatsa kabotolo kuti ndikalavuliremo makhololo panja, kutali ndi anthu. Anatiuza kuti tibwerenso Lachinayi.

Lachinayilo adokotala anandiuza mosazungulira. "Bambo, muli ndi chifuwa chachikulu. Chimachizika, koma mumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa."

Zimenezo ndinazilandira, poti mumtima ndinali nditakayika kale. Chimene chinandithyola chinali m'chipinda chotsatira. Anamwino anatenga pepala n'kulemba mayina a m'nyumba mwanga. Kenako anafunsa kuti, "Kupatula amenewa, alipo ena amene mumakhala nawo pafupi m'chipinda chotseka? Matendawa amayenda ndi mpweya pokhosomola."

Mpaka nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti kudwalaku n'kwanga ndekha, mtanda wanga, woti ndiupirire mwakachetechete. Ndinayamba kutchula mayina a anthu amene ndinkawapititsira Ukalistia, ndi mmene aliyense analili. Nditafika pa dzina lachinayi anamwino anaimitsa cholembera n'kundiyang'ana. "Onsewa ndi odwala kale?" Ndinavomera ndi mutu. Kwa milungu yoposa isanu ndi umodzi ndinali ndikukhosomolera anthu ofooka, ena osatha n'kutembenuka komwe, Ambuye ali pachifuwa panga.

Mankhwala ndinayamba tsiku lomwelo. Masiku oyamba ankandichititsa nseru, mawondo ankaphwanya, ndipo mkodzo unasanduka wofiirira, monga anamwino anandichenjezera. M'mawa uliwonse mayi a Rozina ankandiimirira mpaka ndimeze, n'kuchonga pakhadi. Ndinkagona ndekha, zenera lili lotsekula. Bambo mfumu anandiletsa kuyendera odwala mpaka achipatala atalola, ndipo anapeza mayi wina wa mumphakati woti agwire ntchitoyo. Taonani, munthu wolowa m'malo mwanga analipo nthawi yonseyi, ine ndinali ndisanafunse.

Alangizi a zaumoyo anayenda nyumba zonse za papepala lija. Milungu iwiri yodikira zotsatira ndinkagwira kolona koma mapemphero osatuluka. A m'nyumba mwanga anapezeka ali bwino. Odwala asanu ndi mmodzi anapezekanso ali bwino. Wotsalayo anali a Lufeyo, msodzi wakale amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ankagona m'kachipinda kopanda zenera, ndipo kwawo ndi kumene ndinkakhalitsa, chifukwa ankakonda kucheza za maukonde awo ndipo analibe wowamvetsera. Iwo anawapeza nacho chifuwa chachikulu.

Ndinafunsa anamwino ngati ndinawapatsa ndine. Anati palibe angadziwe amene anayamba, mwina iwo, mwina ine. Koma anawonjezera kuti ndikanabwera chifuwa chitangotha milungu iwiri, tonse tikanayamba mankhwala kale. Sananene mokalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

A Lufeyo anayamba mankhwala, koma thupi lawo linali litatha kale. Anamwalira m'nyengo yozizira, ine ndili m'mwezi wachitatu wa mankhwala. Sindinafune kupita kumaliro chifukwa cha manyazi. Akazi awo anatuma uthenga kuti kolona nditsogolere ine, poti malemu ankandikonda. Ndinapita, ndinayamba bwino, koma pakati mawu anandithera ndipo akatekisiti anapitiriza.

Ndinamaliza miyezi yanga yonse osaphonya tsiku. Makhololo omaliza anapezeka opanda kachirombo. Lero thupi labwerera, ndikusoka, njinga ndikupalasa, ndipo bambo mfumu anandibwezera ntchito yanga. Ndinakalapa, ndipo ndikukhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira.

Akhristu anzanga, makamaka inu amene mumalowa m'nyumba za odwala, a kwaya, a mumphakati: chifuwa chikafika milungu iwiri, pitani mukayezetse. Kuonda ndi thukuta musazitche kusala, ndipo musadikire chikondwerero chilichonse. Ntchito ya Mulungu siima chifukwa inu mwakhala pabenchi ya chipatala tsiku limodzi. Mankhwala alipo ndipo amachiza, ine ndine mboni.

Lamulungu njira yanga imadutsabe pakhomo pa a Lufeyo. Akazi awo amandiimitsa, kundipatsa madzi ndi manja awiri, kundifunsa za ana. Sanandifunsepo za chifuwa chija ngakhale kamodzi. Madziwo ndimamwa ndi kuthokoza, koma kukweza maso kuti ndione chitseko cha kachipinda kaja sindinathebe.