Tsache la Kaputeni

Deliwe Kamanga ndi namwino wabwino, koma ndi mayi uja amene akapsa mtima sayamba wafunsa. Anafika ku England mu 2006 ndi mapepala ake a unamwino a ku Zomba, ndipo panatenga zaka ziwiri kuti mapepalawo avomerezedwe. Zaka ziwirizo anazithera akukolopa zimbudzi m'nyumba yosungirako okalamba ku Oldbury. Analumbira ali chogwada momwemo kuti mwana wake sadzasesera mzungu aliyense.

Mwanayo ndi Zoe, wa zaka khumi ndi zitatu, amene mpira amaukonda kuposa chakudya. Ankasewera m'timu ya atsikana ya ku Tipton, ndipo mphunzitsi wawo anali Bambo Ishibashi a ku Japan, aafupi, otsimphina pang'ono. Deliwe sankawadziwa kwenikweni. Iye ankangotula mwana pageti n'kuthamangira kuchipatala.

Loweruka lina anaweruka msanga, nalowa mpaka kuchipinda chosinthira zovala. Ana a azungu ankaseka panja, Zoe yekhayekha ali mkati ndi tsache, akusesa matope ogwa kunsapato za anzake. Mtima wa Deliwe unawira. Sanafunse mphunzitsi, sanafunse ngakhale mwana wake. Atafika kunyumba analembera komiti ya timu kalata yopanda dzina, kuti mphunzitsiyu wasankha mwana wakuda kuti akhale wantchito wa anzake. Patangotha milungu iwiri kunamveka kuti Bambo Ishibashi atula pansi udindo. Zoe analira mpaka maso kutupa, mayi ake akuti mumtima: ndi chibwana chabe, adzandithokoza akadzakula.

Ku mwambo wotsanzikana, m'kaholo ka timu, Deliwe anapita chifukwa chokakamizidwa ndi mwana. Michelle, wapampando wa komiti, ndiye anafotokoza mbiri ya bambowo. Anabadwira m'tauni ya asodzi, ndipo anasewera kumbuyo zaka zisanu ndi zinayi m'ligi yachiwiri ya kwawo. Anabwera ku England ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, poganiza kuti timu yaikulu iwatenga. Palibe inawatenga. Anasewera m'matimu ang'onoang'ono a kuno, pamabwalo amene oonerera ungawawerenge ndi zala, mpaka bondo linawonongeka. Kenaka anakwatira, nayamba ntchito m'fakitale ya zipangizo za galimoto ku Coventry. Atsikana a ku Tipton anawaphunzitsa zaka khumi ndi chimodzi, kaya kugwe mvula kaya chisanu, osajomba Loweruka ndi limodzi lomwe.

Pafupi ndi Deliwe panakhala Queen, mwana wa mnzake wa kutchalitchi, amene anasewerapo m'timuyi asanapite kuyunivesite. Ankapukuta misozi.

"Anti, tsiku limene Coach anandipatsa tsache ndinalira ndi chimwemwe," ananong'ona Queen. "Amati mmene anakulira iwo, captain ndi amene amasesa ma changing room, wamkulu azitumikira anzake. Eni akewo amatsuka ma toilet. Zoe ndi captain chaka chino. Sanakuuzeni?"

Zoe anali atamuuzadi. Deliwe anakumbukira m'mawa wina atachoka kuntchito ali wefuwefu, mwana akumuuza mosangalala zaukaputeni, iye n'kungoti "chabwino" maso ali pafoni. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake linali limeneli. Manyazi anamugwira.

Anthu atayamba kubalalika, anawatsatira Bambo Ishibashi poimika magalimoto, pamene ankalongedza mipira. Anawauza m'Chingerezi kuti kalata ija analemba ndi iyeyo, ndipo apita kukomiti mawa lomwe kukaibweza.

Bambowo anawerama pang'ono, monga amachitira popereka ulemu.

"Ndinadziwa, mayi. Mtsikana wakuda amene anagwira tsache chaka chino ndi mmodzi yekha. Komiti inafuna kumuitana Zoe, kumuwerengera kalatayo ndi kumufunsa mafunso. Akanazindikira wolemba. Ndinaona kuti kuli bwino ataye mphunzitsi kusiyana n'kuti ataye mayi ake. Malo anga apereka kale kwa wina. Chonde musamuuze."

 Deliwe akanakonda bambowo atamukalipira, atamutukwana kumene, koma munthu amene anamuipitsira mbiri ndi amene ankamubisira mlandu. Zinamupweteka kwambiri.

M'galimoto anapeza Zoe atakhala kale pampando wakutsogolo, nkhope ili ndwii. Mphekesera zoti kunali kalata zinali zitamufika kale.

"Whoever wrote that letter, Mum, I'll never forgive them."

Deliwe analiza injini. Njira inali yotseguka: kungokhala chete, monga anamupemphera bambowo, mwana n'kumakondabe mayi ake. Koma ndiye kuti kukomiti kukanatsala kalata yonena kuti Bambo Ishibashi ndi watsankho, iye akudya mtendere umene bambowo anamugulira ndi dzina lawo. Anazimitsanso injini.

"Zoe, mwana wanga, kalata ija ndinalemba ndine. Ndinakuona ukusesa, sindinakufunse. Ndinalakwa. Mawa ndikukanena zomwezi ku committee."

Zoe anayang'ana mayi ake osalira. Kenaka anamasula lamba, natsegula chitseko, natuluka. Deliwe anaganiza kuti akuthamangira kwa mphunzitsi wake. Ayi, mwanayo anangozungulira, natsegula chitseko chakumbuyo, nakhala pampando wakumbuyo kwa mayi ake penipeni, pamene sakanatha kuonana maso.