Azakhali ndi malata a kuseri kwa zenera

Azakhali anga ankagwira ntchito yausiku ku bekale, pamakina okandira ufa. Ankafika kunyumba dzuwa likutuluka, akununkha yisiti, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze, n'kungodziponya pabedi. Tulo tawo tinali tofa nato. Amuna awo, omwe anali telala, ankati mutha kuwanyamula ndi bedi lomwe mpaka kumsika, iwo n'kudzuka akufunsa mtengo wa tomato.

Chaka china mnansi wathu anafolera kakhitchini kake ndi malata atsopano, pafupi ndi zenera la azakhali. Palibe anaganizapo kanthu. Koma tulo tinayamba kuwathawa. Akatseka maso ankangoona kufiira.

Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mwanawe, m'mutu muno muli chinthu," anandinong'oneza. "Agogo ako ankatchulanso zofiira asanafe ziwalo. Usawauze bambo a kunoku."

Sindinawauzedi. Azakhali anayamba kuiwala mawu pakati pa nkhani. Masana maso anali gwa, usiku kuntchito ankasinza ali chilili.

M'mawa wina anabwera malaya atang'ambika kuyambira padzanja mpaka paphewa. Anali atawodzera pamakina, chitsulo chozungulira chija n'kukola nsalu, n'kuyamba kuwakokera m'kati. Mnzawo ndiye anathamangira kukazimitsa. Azakhali ankafotokoza motsitsa mawu, akuyang'ana zala zawo ngati za munthu wina. A telala sanaseke. Anatseka shopu n'kupita nawo kuchipatala, ine ndikutsatira.

Namwino atawayeza sanapeze vuto. Anafunsa za chipinda chomwe amagonamo, ndipo ine ndinatchula za dzuwa lomwe limamenya pamalata n'kugwera papilo penipeni.

"Chikope si khoma, mayi," anatero namwinoyo. "Kuwala kumadutsa ndithu. Kufiira mukuonako ndi magazi a m'chikope momwemo, aliyense ali nawo. Thupi likamva kuwala limati kwacha, ndiye silikulolani kugona."

Azakhali sanakhulupirire msanga. A telala anasoka katani yakuda yophatikiza kawiri, ndi kansalu kofewa komanga kumaso. Tsiku loyamba azakhali anagona mpaka dzuwa kupendeka. M'nyumba munali zii moti ndinachita mantha, ndinakaima pakhomo kumvetsera ngati akupuma. Nditamva mkonono ndinakhala pansi pomwepo.

Tulo tinabwerera pang'onopang'ono, koma pamakina paja sanabwererepo. Anapempha kuti aziika buledi m'mapepala, kuchipinda cha kumapeto. Mpaka lero, makinawo akayamba kulira, amapinda manja n'kuwabisa m'khwapa.