Bokosi Limene a Vitalis Sanafune Kulimaliza

Aliyense amene anatsikapo kabaza pa Mauwa amawadziwa a Vitalis, ngakhale asanawaone nkhope. Chimayamba kumveka ndi nyundo yawo, ngwe! ngwe! ngwe! pa chidutswa cha njanji, pansi pa mtengo wa mapeyala, pakati pa chigayo ndi anyamata okazinga tchipisi. Ndowa, mbaula, makeni othirira kudimba, zonse za dera limenelo zinadutsa m'manja mwawo. Anali munthu wosachuluka zokamba, wa zala za zipsera zokhazokha, ndipo ndowa yawo ikadontha ankaikonza ulere, manyazi ali tho.

Komatu a Vitalis sanali a pa Mauwa, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera ali mnyamata kudzakwatira a Thandie, n'kukhala pa chikamwini monga amachitira amuna kuno. Malo ndi a akazi. Mkazi akatsogola, abale ake amamusudzula mwamunayo, kumumasula kuti abwerere kwawo ndi zimene angathe kunyamula. N'chifukwa chake amuna ochenjera amamanga kanyumba ka zidina, diso lina lili kunjira. A Vitalis ayi. Anaotcha njerwa, anakhoma malata ndi manja awo, n'kubzala mapeyala kuzungulira bwalo lonse.

Anzawo a pa bawo ankawaseka. "Mkamwini kubzala mitengo? Mudzaisenza pamutu?"

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," ankangoyankha choncho.

Mayi awo atamwalira, azichemwali awo ku Phalombe anawachonderera kuti aikeko ngakhale kachipinda kamodzi kodzafikiramo. Anakana, amvekere, "Ine kwathu ndi kumene kuli Thandie." Malowo anamangapo ena. Chikondi chimapusitsa, abale inu! Kuonjezera apo, Chauta anawapatsa ana aamuna okhaokha, omwe nawonso anapita kukakhala kwa akazi awo. Pakanakhala mwana wamkazi, nyumba ikanakhala yake, bambo n'kumakalambira pakhonde pake. Koma panalibe.

Chaka chimene magetsi anafika pamzere wa masitolo, malo a m'mbali mwa msewu anasanduka nyama yonona. Chaka chomwecho miyendo ya a Thandie inayamba kutupa. Kuchipatala anati ndi mtima, anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti azikapuma kunyumba.

Apa ndi pamene abale a a Thandie anayamba ulemu. Umenewo ndiwo unawaopsa a Vitalis, chifukwa anthu aja zaka zonsezi moni wawo unali wa pamsewu. Veronika, mwana wa achemwali awo a a Thandie, anabwera kudzadwazika, ndipo ankadwazikadi bwino, tisamunamizire. Koma ankasesa bwalo mpaka m'malire mwenimweni. Tsiku lina a Vitalis anamupeza ataima m'chipinda chochezera, maso ali kudenga.

"Abambo, malata awa sadontha?"

"Sadontha, mwanangu."

"Eya, ndaona kuti munakhoma bwino," anatero, n'kupita kukatsuka mbale.

Mvula yoyamba itagwa, Veronika anabzala nandolo kuseri kwa khitchini osafunsa munthu. Wodwazika wa masabata angapo amabzala nandolo, mbewu yodikira mpaka chilimwe? A Vitalis anaona, n'kubwerera ku nyundo yawo.

Kenako kunabwera a Gladson, mlongo wawo wa a Thandie, mwinimbumba wa banja lonselo. Anafika masana, anavula chipewa, n'kukhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi njanji ija.

"Alamu, ndabwera ndi ntchito. Mundipangire bokosi la malata, ngati aja amatenga ana a sukulu yogonera konko. Lolimba, lokhala ndi poika loko."

"Ndani akupita kusukulu, alamu?"

"Aaa, n'longosungira zinthu basi."

"Likule bwanji?"

A Gladson anayang'ana nyundo, lumo lodulira malata ndi jekete la a Vitalis lomwe linali pa nthambi. "Loti munthu n'kuikamo zake zonse. Koma lisapitirire kaliyala ya njinga."

Analipiriratu osanenerera mtengo, munthu amene ankakangana ngakhale pa mtengo wa chikombe. A Vitalis analandira ndalamazo. Kukana sakanatha. Mkamwini angakane bwanji ntchito ya mwinimbumba, ndipo akanati akukana chiyani, popeza palibe amene ananena kanthu?

Anadula malata, anapinda, anakhoma. Manja ozolowera sadziwa kupanga chinthu choipa, ndiye bokosi linatuluka lokongola zedi. A Thandie ankagona pamphasa pakhonde, akuliona likukula tsiku ndi tsiku. Madzulo ena, Veronika atapita kumjigo, a Thandie anaitana amuna awo ndi dzanja.

"Bambo a Limbikani, bokosi limenelo ndi la ndani?"

"La alamu."

"Musandinamize, ndine wodwala miyendo, osati mutu." Anapuma movutika. "Ndinawauza achimwene kuti akusiyeni pano. Anandiyankha kuti tidzaona. Mukuwadziwa tidzaona wawo. Musalimalize msanga."

Kuyambira tsiku limenelo a Vitalis anayamba kuzengereza. Munthu amene sanachedwetsepo ntchito ya mwini anaphunzira bodza atakalamba. Lero mahinjesi asowa, mawa penti sanaume. Mumtima mwawo munalowa chikhulupiriro chopusa, choti n'chamanyazi kuuza ngakhale abambo mfumu kutchalitchi: bokosi likapanda kutha, Thandie sapita. Anasiya chinthu chimodzi chokha, kachitsulo kokolowekapo loko. Ankayenda nako m'thumba la buluku, n'kumakagwiragwira ngati kolona.

A Gladson ankadutsa pa njinga osatsika. "Latha, alamu?"

"Latsala pang'ono."

"Musadandaule, sitikuthamangira."

Anyamata a tchipisi, amene kale ankawaseka kuti nyundo yawo ikugonthetsa makasitomala, anasiya nthabwala. Amayi a pachigayo ankati akawaona amatsitsa mawu. Mzere wonse unkadziwa, ndipo aliyense anangowonjezera ulemu. Winanso anabwera ndi tepi kudzayeza kutsogolo kwa nyumba, akuti akungoona ngati pangakwane kagolosale.

Chakudza sichiimba ng'oma. A Thandie anapita m'mawa wina, phala lili pamoto, kachitsulo kaja kakadali m'thumba la amuna awo.

Maliro anayenda bwino, anthu analira mokwanira. Atameta, banja linasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala, umene a Vitalis anabzala chaka chimene anabadwa Limbikani. Limbikaniyo ndi mng'ono wake anakhala kumbuyo, mitu ili pansi. Akananena chiyani, akamwini anzawo?

A Gladson anayankhula mofatsa. "Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Tilibe nanu mlandu ngakhale umodzi. Lero takumasulani, mupite ndi mtendere."

Palibe amene anakalipa. Bola akanakalipa, munthu ukanapeza poyankhira. Veronika anatuluka m'nyumba atanyamula bokosi lija, n'kuliika pamapazi pa a Vitalis atagwada. Zovala zawo zinali kale m'katimo, atazichapa n'kuzisita. A Vitalis anaikamo nyundo, lumo, ndi chitenje chimodzi cha a Thandie chimene anachita kupempha. Njanji inali yolemera, anaisiya. Zonse za moyo wawo pa Mauwa sizinafike ngakhale pakati pa bokosilo.

"Alamu, mwaiwala poika loko," anatero a Gladson.

A Vitalis anatulutsa kachitsulo kaja, anatenganso nyundo, n'kukakhomera anthu onse akuona. Ngwe, ngwe, ngwe. Ntchito ya mwini sasiya yosatha.

Akabaza awiri anali ataitanidwa kale. Anamanga bokosi ndi lamba wa chubu, ndipo linakwana pa kaliyala ndendende monga a Gladson analiyezera. Njinga yachiwiri inali yoti akwere a Vitalis eni ake.

"Tikulowera kuti, madala?" anafunsa mnyamata wowanyamulayo, phazi lili pa pedulo.

A Vitalis anayang'ana msewu kumtunda, anayang'ana kumunsi. Anatsegula pakamwa, koma dzina la mudzi silinabwere.