Botolo la a Fanuel Mbewe

A Fanuel Mbewe anabadwa mu 1941 m'mudzi wina kufupi ndi Guilleme, m'banja lolima chimanga ndi mtedza. Sukulu inawathera pa Sitandade 6, ndipo analowa ntchito yotsuka mabotolo pachipatala china chaching'ono cha mishoni. Sisitere wina ataona kuti manja awo sanjenjemera anawaphunzitsa za mu labu, ntchito imene anaigwira mpaka imvi. Anali munthu wosayankhula zambiri, woyamba kufika ku Misa ya m'mawa, ngakhale kuti poyimba, Mulungu awakhululukire, ankasokoneza kwaya yonse.

M'zaka za matipate makapisozi anadzaza m'misika, ena olowa mozemba pamalire. Munthu ankagula awiri, kumwa, n'kusiya. Tizilombo tinazolowera, ndipo mabala amene kale ankapola ndi penisilini anayamba kupha anthu. Chipatalacho chinalibe makina odziwira mankhwala amene akugwirabe ntchito, koma a Fanuel sanapinde manja. Ankaphika chakudya cha tizilombo, kusakaniza ndi magazi a nkhosa, kuthira m'timbale tagalasi, n'kupakapo mafinya a wodwala. Pamwamba ankaika timapepala todula ndi panchi ya mu ofesi, kalikonse konyika m'mankhwala akeake. Timbaleto tinkagona m'bokosi lofunditsa ndi nyali ya palafini. Kukacha ankayeza ndi rula ya ana asukulu, ndipo pepala limene tizilombo talithawa n'kusiya bwalo loyera, mankhwala ake ndiwo anali ochiza. "Ine sindichiza," ankatero, "ndimangofunsa tizilombo kuti tikuopa yani."

Mayesero awo anadza mu Disembala 2002, mphekesera za anamapopa, anthu oba magazi a anzawo, zitafika m'maesiteti a fodya. Muwodi munagona mayi wina, Veronika, yemwe khasu linamutema phazi. Mwendo unatupa mpaka m'bondo, majekeseni amitundu iwiri analephera, ndipo adokotala anati pakatha masiku atatu audula. Magazi a nkhosa anali atatha mu labu. A Fanuel anapita kukhola la mishoni masanasana, nakoka magazi pakhosi pa nkhosa n'kuthira m'botolo monga mwa masiku onse. Kuti asaundane, ankaponya m'botolomo mikanda yagalasi ya pakolona n'kumakhutchumula akuyenda.

Pamphambano, matenanti ochokera kuesiteti anamva mikanda ikulira m'botolo lofiira.

"Namapopa! Gwirani uyo!"

"Abale anga, ndi a nkhosa awa," anatero a Fanuel, koma akanamva ndani? Mwala woyamba unawang'amba chipumi. Wina anawakwapula ndi mpini m'nthiti, wina ndi tcheni ya njinga kumaso. Anagwa chafufumimba botolo lili pamimba, nadzipinda ngati bongololo. Anthu aja anawaponda, kuwakoka miyendo, kuwathyola zala ziwiri pofuna kulanda botololo, koma iwo sanalitaye. Mpaka lero zimandiwawa kuti ena mwa omenyawo anali akhristu anzathu. Wina anali atayamba kale kufunsa za petulo pamene katekisiti ndi amayi a gulu la mapemphero la Lejio anatulukira akukuwa kuti, "Mukupha a Mbewe a ku labu!"

Atafika nawo kuchipatala anakana kugonekedwa. Diso limodzi lili chitsekere, anathira magazi aja m'timbale ndi dzanja lamanzere, n'kupakapo mafinya a Veronika. M'mawa mwake tizilombo tinali titakwera pamapepala anayi, koma lachisanu linali ndi bwalo lalikulu. Mankhwala akewo anali m'kabati momwemo, palibe anawaganizira. Mwendo wa Veronika sunadulidwe.

Tsiku lotuluka anabwera kudzamutenga mwamuna wake, Dickson. Atalowa mu labu kudzathokoza, anaona nkhope yomanga mabandeji ija n'kudzigwetsa pansi.

"Bambo, tcheni ija ndinagwira ndine. Ndiperekeni kupolisi."

"Dzukani, achimwene," a Fanuel anayankha. "Inu mukamangidwa, amayiwa awalimira ndani? Mungoonetsetsa kuti mankhwala amalize onse, osasiyira panjira."

Diso lija silinaonenso, komabe anagwira ntchito zaka zina zisanu, osatchula dzina la Dickson kwa aliyense, ngakhale kwa akazi awo. Anamwalira mwamtendere mu Okutobala 2009, masana, atalandira masakramenti. Ife tinadziwa mwini tcheni kumanda komweko, Dickson ataulula yekha akulira. Veronika anabwera wapansi kuchokera kwawo ku Kapondo kudzaika malirowo, mtunda wonsewo ndi miyendo yake iwiri.